Mlendo Alandiridwe, Koma Mwana Asachititsidwe Manyazi

Chiyambire chaka cha 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana ofika Sitandade 8 achuluka m'midzi yathu. Pamodzi nawo achulukanso makolo amene, mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, amasowa tulo poganizira za yunifolomu, makope, nsapato ndi ndalama za malo ogona. Mpata umenewu ndi umene mabungwe olipirira ana sukulu alowerapo. Munthu wa ku Scotland, ku Germany kapena ku America amapatula kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo bungwe limamtumizira chithunzi ndi kalata ya mwana wa kuno kwa Chonde amene sanamuonepo. Pakapita zaka, ena mwa anthu amenewa amakwera ndege, kutera ku Chileka, n'kubwera kudzaona ndi maso. Ntchito imeneyi ife tiiyamika ndi mtima wonse. Chimene tikutsutsa ndi kalandiridwe kamene kakuzika mizu m'makomiti ena a sukulu ndi a m'midzi, kosandutsa umphawi wa mwana kukhala chionetsero.

Amene anakhalapo pa mwambo wotere akuidziwa ndondomeko yake. Kutatsala masiku ochepa kuti alendo afike, mwana amauzidwa kuti nsapato azisiye kunyumba, avale malaya akale aja. Mai ake amalangizidwa kuti wailesi ndi njinga zibisidwe, mbuzi zikamangidwe kwa achimwene. Tsikulo likafika, ana amasiye amaimikidwa pamzere wawo wapadera, ndipo mmodzimmodzi amaitanidwa kuti afotokoze pamaso pa khamu lonse matenda amene anatenga makolo ake. Mtsikana wa Fomu 2, amene kwathu kuno sangatchule n'komwe zinthu zotere pamaso pa amalume ake, akakamizika kuziulula kwa anthu achilendo kudzera mwa womasulira. Misozi ikagwa ndipo makamera akang'anima, akuluakulu amayang'anana ndi kugwedeza mitu kuti zayenda bwino.

Mukawafunsa chifukwa chake, yankho lawo ndi limodzi: “Akapanda kuona misozi, sapereka.” Mau amenewa tisawapeputse, pakuti ambiri owanena si akuba ai, ndi anthu amene aona ana anzeru akusiya sukulu, ndipo akuopa kuti mwai ungawapitirire. Komabe ife tikuti alakwa.

Poyamba, umphawi wa ku Mulanje sufuna wouvekerera. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, minda ndi milatho m'boma lino, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu osowa pogona. Minda yathu ndi yaing'ono, chifukwa anthu ndi ochuluka ndipo malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi. Mlendo amene ali ndi maso adzaona zimenezi yekha asanatsike m'galimoto. Nanga wobisa njinga akuwonjezera chiyani pa zoona zimenezi, kupatula bodza? Ndipo bodza silikhalitsa. Tsiku limene mlendo adzazindikire kuti anamsewerera sewero, sadzasiyanitsa wonama ndi woona. Adzatseka dzanja lake kwa onse, ndipo woyamba kubwezedwa kusukulu adzakhala mwana wosalakwa uja.

Koma choopsa chenicheni chili mumtima mwa mwanayo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwana ndiye atsala. M'mawa mwake adzalowa m'kalasi momwemo ndi anzake amene anamva zonse za kwawo, ndipo ena adzampatsa dzina lomuseka limene adzayenda nalo zaka. Chithunzi chake cha misozi chidzakhala pa Facebook mpaka tsiku limene adzakhale mphunzitsi kapena namwino. Ndipo phunziro limene watola tsiku limenelo liposa onse a m'mabuku: waona ndi maso kuti nkhope yachisoni imalipira kuposa malikisi abwino, ndi kuti akulu amene amamlanga akanama nawonso amanama ndalama zikayandikira. Kodi tingamlipirire mwana sukulu kuti adziimire payekha, kwinaku tikumphunzitsa kupempha?

Ife a kuno tiyenera kukhala oyamba kukana zimenezi, chifukwa mbiri yathu tikuidziwa. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo makolo a ambiri mwa ife, Alhomwe ochokera ku Mozambique, anakhazikika m'minda ya atsamunda momwe ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhalapo. Iwo ankavula chipewa ndi kuwerama pamaso pa Mzungu chifukwa analibe pothawira. Lero mwezi wa Okutobala uliwonse anthu zikwizikwi amasonkhana pompano pa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kuvina tchopa ndi kunyadira mtundu wawo. Zingatheke bwanji kuti pabwalo tiziyenda mitu ili m'mwamba, koma kusukulu tiziphunzitsa adzukulu a anthu omwewo kuwerama kumene agogo awo anakulira misozi? Dzina la malo athu ndi Chonde, inde, koma ana athu sanabadwire kunena “chonde, chonde” kwa aliyense wotsika m'galimoto.

Tikumbukenso kuti kuphunzira ndi thandizo lakunja si chinthu chachilendo kapena chamanyazi. John Chilembwe, wa ku Chiradzulu konkuno, anapita ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, naphunzira ku Lynchburg mothandizidwa ndi Akristu akuda a kumeneko. Atabwerera m'chaka cha 1900 anayambitsa mishoni ndi sukulu ku Mbombwe, akulandirabe thandizo lochokera kutsidya kwa nyanja. Koma yang'anani zithunzi zimene zatsala za mishoni imeneyo: amuna, akazi ndi ana ovala mwaudongo, oima chilili. Iye analandira thandizo osagulitsa ulemu wa anthu ake.

Palinso kulakwa kwina kooneka ngati ulemu. Makomiti ena amasonkhetsa mabanja osauka omwewo nkhuku, mpunga ndi ndalama za zakumwa, amaimitsa maphunziro masiku atatu kuti ana akonzekere nyimbo, ndipo tsikulo amalidzaza ndi malankhulidwe. Amfumu, akhansala, wapampando, aliyense ndi mndandanda wake wa zopempha. Dzuwa limapendeka mlendo asanakhale pansi ndi mwana amene anamuyendera ulendo wonsewo.

Tsono timlandire bwanji munthu amene wafika koyamba? Monga momwe makolo athu ankalandirira mlendo aliyense wolemekezeka. Timlonjere, timpatse pokhala, timthire madzi m'manja, adye chimene ife timadya: nsima ya nandolo, chinangwa, kalongonda wophikidwa bwino, nanazi za kwathu kuno. Pakhale munthu womfotokozera mwaulemu miyambo yathu, monga kupereka moni kwa akulu poyamba ndi kulandira chinthu ndi manja awiri, pakuti wobwera koyamba amakhala ndi mantha ake ndipo amakondwa akauzidwa. Alowe m'kalasi phunziro lili mkati, aone ana angati akuwerengera buku limodzi. Ayende ndi mapazi njira imene mwana amayenda m'mawa uliwonse. Mwanayo amuonetse lipoti lake ndi makope ake, ndipo alankhule zimene iye mwini afuna kulankhula, makolo kapena aphunzitsi ali pomwepo. Mwana asasiyidwe yekha ndi munthu wachilendo, ngakhale akhale wokoma mtima chotani.

Komiti nayo itulutse mabuku a ndalama ndi malisiti isanafunsidwe. Ngati wina mwa ana analephera mayeso, kapena mtsikana anatenga pathupi, zinenedwe poyera kwa abungwe, pamodzi ndi njira yombwezera kusukulu, popeza malamulo a boma amalola kutero. Apa ndi pamene pafunika kulimba mtima, osati pa kuliritsa ana.

Kwa inu alendo athu, tili ndi mau ochepa. Musanajambule, pemphani chilolezo kwa mwana ndi kwa makolo ake, ndipo dzifunseni ngati mungalole kuti mwana wanu ajambulidwe chotero. Musamwaze maswiti pagulu kuti ana azikanganirana m'fumbi. Musalonjeze chimene simungathe, pakuti mau amene inu mudzaiwala m'ndege, banja lidzawadikira zaka zisanu.

Pomaliza, mlendo aonenso chimene ife taikapo. Msonkhano wa dayosizi ya Lilongwe umene Ambuye Patrick Kalilombe anatsogolera kuyambira 1973 mpaka 1975 unalimbikitsa Eklezia wodzidalira, woyambira m'miphakati, ndipo chiphunzitso chimenecho chikhudzanso sukulu ya ana athu. Ndani anaumba njerwa za kalasi? Ndani amadzuka m'bandakucha kukaphika phala kusukulu popanda malipiro? Ndi agogo angati akulera adzukulu ndi khasu limodzi? Mphakati wathu wasonkha zingati chaka chino pa mwana wamasiye? Zimenezi ndizo zoyenera kuonetsa, ndipo kumene kulibe choonetsa, ntchito iyambire pamenepo alendo asanafike. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mlendo wathu wamva mwambi umenewu ali kutali, nauchita. Akafika, apeze anzake ogwira nawo ntchito, ndi mwana wovala nsapato zake, woyang'ana munthu kumaso ndi kunena zikomo mopanda mantha.