Kodi Ndalama Yathu Ikufafaniza Ngongole Iti?

Mwezi uno tikambirana za banja limene lili ndi ngongole ziwiri, pamene ndalama ili m'manja ikukwanira kubweza imodzi yokha.

Tiyambe ndi za kutali. Ku America anthu ambiri amagula zinthu ndi khadi la ngongole. Banki ndiyo imalipira kusitolo, ndipo munthu amabweza pambuyo pake. Mabanki amakopanso anthu kuti asamutsire ngongole yawo yakale pa khadi latsopano, popanda chiwongoladzanja kwa miyezi ingapo. Koma zimene munthu agula ndi khadi lomwelo zimakhala ndi chiwongoladzanja chachikulu. Chotero pa khadi limodzi pamakhala ngongole ziwiri, ina yogona, ina yobereka. Kale mabanki ambiri akalandira ndalama ankayamba kufafaniza yogonayo, yobereka ija n'kumakula mwakachetechete. Akulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. M'chaka cha 2009 dziko la America linakhazikitsa lamulo lakuti munthu akapereka ndalama yopitirira kagawo kamene ayenera kulipira pamwezi, yapamwambayo iziyamba kufafaniza ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu.

Ambiri a ife kuno ku Madisi sitinagwirepo khadi lotere, koma msampha wake timaudziwa. Tiyerekeze bambo wina amene m'mwezi wa Januwale anakongola K100,000 kwa mlamu wake kuti agulire feteleza, popanda chiwongoladzanja. M'mwezi wa Epulo mwana atadwala, anakongolanso K100,000 ku banki m'khonde, kumene gulu linapangana kuti pa K100 iliyonse pazionjezeka K20 pamwezi. Tsono wagulitsa soya pamsika ndipo wapeza K100,000, koma ndalama za fodya zidzafika patapita miyezi itatu.

Kaamba ka manyazi, bamboyu athamangira kwa mlamu wake, pakuti amakumana naye pamaliro ndi kutchalitchi. Pomwe fodya akugulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, ngongole ya kugulu ija yabereka K60,000, ndipo ayenera kupereka K160,000. Akanayamba ndi ya kugulu, akanatsala ndi K100,000 yokha ya mlamu wake. K60,000 imeneyo ndi ndalama ya makope, yunifolomu ndi sopo wa ana.

Sitikunena kuti tizinyozera abale amene anatikongoza mwa chifundo, iyayi. Ngati tinalonjeza tsiku, lonjezo lisungidwe. Koma ngati pali mpata, tipite kwa mlamuyo tsiku lisanafike, timufotokozere zoona zake, ndi kupempha kuti atidikire. Kubisala ndiko kumapha chibale, osati kupempha.

Tsono tichite zinthu zitatu. Choyamba, bambo ndi mayi akhale pansi ndi kulemba ngongole zonse za pabanja, iliyonse ndi chiwongoladzanja chake, osabisirana ngakhale ya katapila. Chachiwiri, tikapereka kwa aliyense zimene tinapangana, yotsalayo ipite ku ngongole yobereka msanga. Chachitatu, ngati tili ndi ngongole ziwiri kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi, tinene momveka kuti ndalama tikuperekayi ndi ya ngongole iti, ndipo tione mlembi akulemba m'buku tisanachoke.

Inunso achinyamata amene mwayamba kukongola pafoni, funsani funso lomweli musanatumize ndalama. Makolo anu akamalemba ngongole zawo, khalani nawo pafupi, muwathandize kuwerengera.