Woponya mpira akagwa, mlandu si wake yekha

M'chaka cha 2023, Shedeur Sanders, wophunzira wa pa yunivesite ya Colorado ku America, anagwetsedwa pansi maulendo 52 asanaponye mpira, m'masewero 11 okha. Pa makoleji onse akuluakulu a m'dzikomo panalibe wina amene anagwetsedwa kochuluka chotero chaka chimenecho. Sewero lomaliza, lolimbana ndi Utah, analionera kunja kwa bwalo chifukwa fupa lina la kumsana kwake linali litathyoka. Ena anamutama kuti ndi wolimba mtima, ena anamudzudzula kuti amachedwa kuponya mpira. Ife tikuona kuti mbali zonse ziwirizi zikuyang'ana mnyamata amene wagwayo n'kusiya akuluakulu amene anamuimika pamalo oopsa popanda chitetezo chokwanira. Wophunzira akamavulala mobwerezabwereza chotero, oyamba kufunsidwa ayenera kukhala amene anasankha osewera, amene anakonza kaseweredwe, ndi amene anali ndi mphamvu yomutulutsa m'bwalo.

Ambiri a ife sitiwaonera masewerowa, chifukwa a m'makoleji amachitika kwambiri Loweruka, tsiku la Sabata. Ndiye tiyambe tafotokoza mmene amayendera. Umene anthu a ku America amautcha football ndi wosiyana ndi mpira wa miyendo umene timaudziwa kuno. Mpira wake ndi wosongoka mbali ziwiri, ndipo amaunyamula ndi kuuponya ndi manja. Timu iliyonse imalowetsa osewera 11. Yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthire kutsogolo mayadi 10, ndipo ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Amene amalandira mpira poyamba n'kusankha woti amuponyere amatchedwa quarterback. Kutsogolo kwake kumaima anyamata asanu amatupi akuluakulu, amene ntchito yawo ndi kutchinga adani kuti asamufikire. Iye amafuna masekondi awiri kapena atatu kuti anzake othamanga afike pamalo abwino. Otchingawo akabowoledwa masekondiwo asanakwane, amagwetsedwa mpira uli m'manja, ndipo nthawi zambiri womugundayo amakhala wolemera makilogalamu oposa 100, akuthamanga.

Kutchinga kukakhala kofooka, vuto silithera pa kugwa kumodzi. Timu imabwerera m'mbuyo mayadi angapo, kotero pa mwayi wotsatira iyenera kuponya mpira patali. Kuponya patali kumafuna nthawi yochuluka, ndipo adani amadziwiratu zimenezi n'kubwera mwamphamvu kuposa poyamba. Thupi nalo limayamba kufooka. Mphamvu ya kuponya imachokera m'miyendo ndi m'chiuno, kotero bondo kapena kakolo akamapweteka, mpira umaperewera kapena kupitirira. Wovulala sathanso kuzemba msanga, ndiye amagundidwa kawirikawiri kuposa kale. Pomaliza maganizo amasokonekera. Munthu amene wagundidwa kambiri amayamba kuyang'ana adani amene akumudzera m'malo moyang'ana anzake oti awaponyere. Oonerera amangoona kuti mnyamata amene ankawala mu Seputembala wazilala mu Novembala, n'kumati luso lamuthera.

Zimenezi ndi zomwe zinachitika ku Colorado. M'chaka cha 2022 timuyi inapambana sewero limodzi lokha mwa 12. Yunivesite inalemba ntchito a Deion Sanders, katswiri wakale wa masewerowa komanso bambo ake a Shedeur, kuti akhale kochi. Iwo anasintha pafupifupi timu yonse, n'kubweretsa osewera ochokera m'makoleji ena, ndipo amene ankatchuka anali oponya, olandira ndi othamanga. Poyamba zinaoneka ngati zatheka. Pa 2 Seputembala 2023 anagonjetsa TCU 45 kwa 42, timu imene inali itangosewera kumene ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse, ndipo Shedeur anaponya mipira yokwana mayadi 510. Anapambananso masewero awiri otsatira. Kenako Oregon inawagonjetsa 42 kwa 6, n'kumugwetsa maulendo 7. Pa masewero 9 omaliza anapambana limodzi lokha, ndipo anatsiriza chaka atapambana 4, atagonja 8.

Chifukwa chake chinali poyera. Otchinga asanu aja amafunika kuzolowerana kwa nthawi yaitali, kuti mdani akasintha njira aliyense adziwe amene akumutenga popanda kufunsana. Anthu osonkhanitsidwa m'miyezi yochepa sangafike pamenepo msanga. Komanso Colorado inali kumapeto kwenikweni pa makoleji akuluakulu pa nkhani yothamanga ndi mpira, kotero adani analibe chowachititsa kukayika: ankadziwa kuti mpira uponyedwa, n'kulunjika kwa woponyayo. Pa 28 Okutobala, polimbana ndi UCLA, Shedeur anagwetsedwanso maulendo 7, ndipo pa nthawi yopumula anabayidwa jakisoni wothetsa ululu n'kubwerera m'bwalo. Atatha sewerolo, kochi wake ananena poyera kuti yankho ndi kukapeza otchinga atsopano. Mawu amenewa anali kuvomereza kumene vuto linali. Koma otchinga atsopanowo akanabwera chaka chotsatira, pamene mnyamatayo anapitiriza kulowa m'bwalo sabata ndi sabata mpaka anatuluka atavulala pa 17 Novembala, polimbana ndi Washington State.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Amati woponya mpira amadziitanira yekha kugwetsedwa kwina. Akaona kuti palibe womuponyera, malamulo amamulola kuutaya kunja kwa bwalo mwa njira zina, koma ena amaukakamira poyembekeza kuti mpata utseguka. Shedeur anali ndi chizolowezi chimenechi. M'chaka chonse cha 2023 adani anawakha mipira yake itatu yokha, ndipo mwa zina chinali chifukwa ankalolera kugwa nawo kusiyana ndi kuuponya pamalo okayikitsa. M'chaka cha 2024 Colorado inabweretsadi otchinga atsopano, inapambana masewero 9, koma iye anagwetsedwabe maulendo oposa 40. Tikuvomereza kuti mbali ina ya mlanduwu ndi yake. Komabe, kuwongola chizolowezi cha wophunzira ndi ntchito ya mphunzitsi. Ngati mwana amachedwa kutaya mpira, kochi angathe kukonza kaseweredwe ka mipira yaifupi, kuwonjezera wachisanu ndi chimodzi wothandiza kutchinga, kapena kumukhazika pabenchi sewero likaoneka kuti latayika. Zonsezi zili m'manja mwa wamkulu amene waima m'mbali mwa bwalo.

Ena amati anyamatawa ndi akuluakulu, amasankha okha kusewera, ndipo kuyambira mu Julayi 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi mayina awo. N'zoona. Koma mnyamata wa zaka 21 amene akuonedwa ndi anthu mamiliyoni pa kanema, amene tsogolo lake mu ligi yaikulu ya NFL likudalira mmene asewerere, sangakweze dzanja kuti mutulutseni. Adzanena kuti ali bwino ngakhale akutsimphina. N'chifukwa chake chiganizo chomutulutsa sichiyenera kusiyidwa kwa iye.

Nkhani ya Tua Tagovailoa wa pa yunivesite ya Alabama ikuonetsa zimenezi bwino, chifukwa iye anali m'timu yamphamvu, yokhala ndi otchinga abwino. Pa 19 Okutobala 2019 anavulala kakolo polimbana ndi Tennessee, anachitidwa opaleshoni, ndipo patangotha masabata atatu anali m'bwalo kulimbana ndi LSU. Sabata yotsatira, pa 16 Novembala, Alabama inali kutsogola 35 kwa 7 pamaso pa Mississippi State, gawo loyamba lili pafupi kutha. Sewero linali kale m'manja mwawo, koma Tua anali adakali m'bwalo. Adani awiri anamugwetsa, fupa la m'chiuno linaguluka ndi kuthyoka, ndipo sanaseweretsonso Alabama. Kochi wake, a Nick Saban, anafotokoza kuti umenewo unali ulendo wake womaliza asanamutulutse. Chitetezo cha woponya mpira, tsono, chili pawiri: anyamata asanu omutchinga, ndi munthu wamkulu wodziwa nthawi yonena kuti zakwana.

Mbiri ya masewerowa ili ndi phunziro lomweli. M'chaka cha 1905 osewera osachepera 18 anafa ndi mpira umenewu ku America, ndipo mtsogoleri wa dzikolo, a Theodore Roosevelt, anaitanitsa akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton kuti akambirane. Malamulo atsopano a 1906 analola kuponyera mpira kutsogolo, n'cholinga chomwaza osewera kuti asamaunjikane pamalo amodzi. Sanayembekezere kuti anyamata adzisamalire okha. Anasintha malamulo, chifukwa ndiwo anali ndi udindo. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 1903, Mayi Ellen White anali atachenjeza kale m'buku lawo la Education kuti mpira umenewu ndi nkhonya zikuphunzitsa achinyamata nkhanza. Tikamaona wophunzira akubayidwa jakisoni kuti abwerere kukagundidwa, anthu n'kumaomba m'manja, chenjezo lawo silioneka lachikale. Ululu ndi belu limene Mlengi anaika m'thupi kuti litidziwitse pamene china chawonongeka. Kulitontholetsa kuti sewero lipitirire sikuchiritsa fupa.

Mu mpingo wathu timaphunzitsidwa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo kawirikawiri timamva chiphunzitsochi ngati nkhani ya munthu payekha: zimene amadya, zimene amamwa, nthawi imene amagona. Nkhani ya anyamata awa ikutikumbutsa kuti thupi la mnzathu nalonso ndi kachisi, ndipo amene wapatsidwa ulamuliro pa ilo adzayankha mmene analigwiritsira ntchito. Sukulu imene yalandira wophunzira wathanzi n'kumubweza ali ndi msana wothyoka, pofuna kupambana masewero, yatenga chinthu chimene sichinali chake.

Ambiri a ife amene tikuchita maphunziro a uphunzitsi tidzapatsidwa timu ya mpira wa miyendo kapena wa manja ku sukulu zimene tikagwireko ntchito. Quarterback sitidzakhala naye, koma tidzakhala ndi mwana mmodzi waluso amene sukulu yonse ikumudalira, akutsimphina tsiku la sewero lalikulu lisanafike, iye mwini akuchonderera kuti timulowetse, ahedi ndi anzake akufuna chikho. Tidzakhalanso ndi goloboyi amene aliyense akumunyoza chifukwa cha zigoli zisanu, pamene otchinga kumbuyo sitinawaphunzitse n'komwe. Pa nthawi imeneyo tidzafunika kuyang'ana ntchito yathu tisanaloze chala mwana, ndi kukhala okonzeka kutaya chikho kuti bondo lake lichire. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo makolo akamatipatsa ana awo m'mawa amayembekeza kuti madzulo abwerera kunyumba akuyenda okha.

Shedeur Sanders anasankhidwa ndi Cleveland Browns mu 2025, ndipo Tua Tagovailoa anatengedwa ndi Miami Dolphins mu 2020. Iwo anapeza ntchito ndi madokotala abwino. Koma mwa anyamata zikwizikwi amene amasewera mpira umenewu m'makoleji, ochepa kwambiri amafika mu NFL. Otsalawo amatuluka ndi digiri ndi thupi lomwe lija linagundidwa, ndipo adzakhala nalo zaka makumi asanu kapena kuposa, oonerera atayiwala kalekale zigoli za chaka chimenecho.