Mlendo akadza ku Mwanza, timuonetse gule komanso Thambani

Mwezi watha ndidakhala tsiku lathunthu ku Mua, m'boma la Dedza, pamalo a chikhalidwe a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Mnyamata wotiperekeza adatilowetsa m'nyumba ya Chamare, natifotokozera za Achewa, Angoni ndi Ayao. Sadawerenge pepala ayi, zonse zinkachokera m'mutu mwake. Pobwerera kwathu kwa Nthache ndidadzifunsa kuti: kodi mlendo akafika ku Mwanza, ife timamuuza chiyani?

Kunena zoona, sitimuuza kanthu. Amaima pamsewu wopita ku Tete, n'kugula manachesi, n'kudindira pasipoti pachipata, basi ulendo. Mlendo ndi mame, ndipo athuwa amakamuka asadamve ndi liwu limodzi lomwe la mbiri yathu.

Anzathu a mtundu wa Maori ku New Zealand adaiona kale nzeru imeneyi. Pamudzi wa Whakarewarewa ku Rotorua, eni mudzi akhala akuperekeza okha alendo kwa zaka zoposa 100. Amawavinira haka ndi kuwaonetsa momwe amaphikira pa nthunzi yochokera pansi. Koma mbiri yowawa nayo saibisa. Pangano la Waitangi la 1840 silidaletse atsamunda kuwalanda malo, ndipo mu 1975 padakhazikitsidwa bungwe lomva madandaulo awo. Mlendo wopita ku Waitangi amamva zonsezi.

Ife ulamuliro wa chipani chimodzi udatiphunzitsa zina. Chikhalidwe chidasanduka kuvinira Ngwazi pabwalo la ndege ndi pa sitediyamu, amayi atawatuta pa malole, afune asafune. Mbiri yeniyeni tinkainong'ona m'nyumba zitseko zili zotseka. Inu amene mudathawira ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku Harare mudamva zambiri kuposa ife otsala kuno.

Tsono ine ndikuti pakhale ulendo wa tsiku limodzi, woperekezedwa ndi ana a konkuno. M'mawa mlendo aone magule athu, amve za mafumu, ndi momwe malire a atsamunda adagawira mabanja pakati pa Mwanza ndi Zobue. Amvenso za abale a ku Mozambique omwe tidagawana nawo minda ndi zitsime nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Masana apite naye ku Thambani. Kumeneko ndi komwe, mu May 1983, kudapezeka mitembo ya nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu, a David Chiwanga. Boma lidati idali ngozi ya galimoto. Kafukufuku wa 1994 adapeza kuti adachita kuphedwa. Mu December 1995 khoti lidamasula Dr Banda ndi a John Tembo pamlanduwo. Woperekeza anene zonsezi momwe zidakhalira, osaonjeza, osachotsa.

Ena ati uku n'kutokosa zilonda. Koma ana athu a sukulu ambiri lero sadziwa ndi maina omwe a anthu anayiwa, chonsecho adafera m'boma lathu lomwe lino. Mwana wosadziwa Thambani adzaombera m'manja wankhanza wina wamawa.

Ena ati tigulitsa miyambo. Nkhawa iyi ndiyomveka. Zakudambwe n'zakudambwe, ndipo akuluakulu a mwambo ndiwo anene zoyenera kuonetsa ndi zosayenera. Ndalama nazo zisathere m'matumba a kampani za m'tauni, ovina n'kungopatsidwa ya sopo. Mafumu ndi khonsolo ya boma akhale pansi, mtengo udziwike, gawo la mudzi lilembedwe poyera. Ndipo andale asayandikire, poti akangolowapo mbiri imavala nsalu ya chipani.

Amalawi anzanga, pa 14 June 1993 tidavotera ufulu wolankhula. Tiyambe ndi basi ya ana a sukulu za kwa Nthache, alendo akunja abwere pambuyo.