Kulinganiza Malo m'Maboma: Mapu Atsogole, Makalata Atsate

Pamene anthu anawerengedwa m'chaka cha 1966, m'Malawi munapezeka anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 chiwerengero chinaposa 17.5 miliyoni, koma dziko silinakule ndi phazi limodzi lomwe. Munda, dambo, msipu, manda ndi bwalo la sukulu zonse zirikulimbirana nthaka yomweyo, ndipo mfumu yopatsa malo pongoloza ndi ndodo siingathenso kusenza yokha katundu wotere.

Poona bvutoli, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo m'chaka cha 2016, nawakonzanso m'chaka cha 2022. Lamulo la kulinganiza malo linasandutsa dziko lonse kukhala dera loyenera mapulani, pamene lamulo lakale la 1988 linagwira nchito m'madera osankhidwa okha, makamaka m'mizinda. Tsono khonsolo ya boma liri lonse iyenera kukhala ndi pulani yonena pamene padzakhala minda, misika, miseu ndi nkhalango. Lamulo linzache, la malo a makolo, lilola banja kapena munthu kulembetsa munda wache ndi kulandira kalata. Nchitoyi iyang'aniridwa ndi komiti ya m'dera la gulupu: mfumuyo ndiyo ikhala pa mpando, ndipo anthu asankha ena asanu ndi mmodzi, amene atatu mwa iwo, kapena kuposerapo, ayenera kukhala amai. Kuyesa njirayi kunayambira ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi.

Pa malamulo awiriwa, lokondweretsa anthu ndi la kalata, pakuti kalata igwirika m'manja ndipo itseka pakamwa pa mbale wolanda. Pulani njosakoma chotero. Imauza munthu kuti pano usamange, apa usalime. Komatu ngati alembi ayamba kupereka makalata khonsolo isanapatule msipu wa ng'ombe, njira ya ku chitsime, gombe la mtsinje ndi malo a chipatala cha m'tsogolo, ndiye kuti chisokonezo cha lero chadindidwa chidindo cha Boma. Tsiku lofuna kukuza sukulu, khonsolo idzalipira ndalama pogula malo amene ikadangowapatula ndi cholembera.

Anthu a ku Lilongwe anaziona kale izi. Lamulo la 1967 ndi nchito ya chitukuko cha malo imene inayamba mu 1968 ndi thandizo la World Bank zinalembetsa minda m'dzina la mabanja, mtsogoleri wa banja naimira abale ache. Nchitoyo inatenga zaka zambiri ndi ndalama zambiri, ndipo siinafalikire ku maboma ena. Kuyeza dziko si nchito ya nyengo imodzi ya dzinja.

Mtengo wa kusalinganiza unaoneka poyera m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, naononganso midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu mazana ambiri anafa. Ku Nsanje ndi Chikwawa madzi anali atasesa kale midzi mu January 2015. Kuuza anthu kuti achoke m'mphepete mwa Shire nkwapafupi; chobvuta nkuwaonetsa kumtunda kumene angakhale ndi kulima osakangana ndi eni nthaka, ndipo yankho la funso limeneli liyenera kupezeka m'pulani ya boma madzi asanabwere.

Chotsekereza chachikuru ndi malire a mafumu. Lamulo lifuna kuti dera la mfumu yaikuru iri yonse liyezedwe ndi kulembedwa pa mapu poyamba, ndipo alipo mafumu oyandikana amene sagwirizana kuti malire ao ndi mtsinje uti kapena chulu chiti. Apa Bwana D.C. afunika kuleza mtima pokhalitsa mafumu pansi, afunikanso anthu oyeza malo ndi alembi a malo okhala m'boma momwemo, osati obwereka ku Lilongwe kwa sabata ziwiri.