Chitetezo cha m'thupi chikatembenukira chithokomiro

Alangizi ambiri akaona munthu wotupa pakhosi amathamangira kufunsa za mchere wa ayodini. Salakwa, pakuti kusowa kwa ayodini ndiko kwatupitsa makosi ambiri m'chigawo chino, makamaka kumene anthu amadya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira. Koma alipo matenda ena a chithokomiro amene mchere sungachize, chifukwa gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi momwemo.

Chithokomiro ndi kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi kamene kamatulutsa mahomoni olamulira liwiro limene thupi limagwirira ntchito. Kachirombo kakalowa m'thupi, asilikali a m'magazi amapanga zida zotchedwa maantibodi kuti alimbane nako. Mwa anthu ena zidazi zimasokera n'kuyamba kulasa chithokomiro, monga galu wolondera amene waluma mbuye wake.

Zikatero pamabuka matenda amitundu iwiri. Oyamba amatchedwa Graves, potengera dzina la dokotala wa ku Ireland, Robert Graves, amene anawalongosola mu 1835. Apa maantibodi amakolezera chithokomiro kuti chigwire ntchito mopyola muyeso. Wodwala amaonda ngakhale akudya kwambiri, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta silitha, ndipo ena maso amatong'oka. Achiwiri ndi a Hashimoto, amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawalongosola mu 1912. Apa chithokomiro chimaonongeka pang'onopang'ono, ndipo munthu amalefuka, amazizidwa, amanenepa, khungu n'kumauma. Onse awiri amagwira amayi kwambiri kuposa abambo, ndipo amakonda kuyenda m'banja.

Nanga tizirombo tikubwera pati? Nthawi zina chithokomiro chimatupa ndi kupweteka patadutsa masabata ochepa munthu atachira chimfine kapena matsagwidi, ndipo mu 2020 madokotala anaona zomwezi mwa ena amene anadwala Covid-19. Kutupa kumeneku kawirikawiri kumatha kokha pakapita miyezi. Ofufuza amayang'ananso kachirombo ka Epstein-Barr, kamene kanapezeka mu 1964 m'chotupa cha mwana wa ku Uganda. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nako, ndipo kamabisala m'maselo omwewo amene amapanga maantibodi. Ku Japan, akatswiri anaonetsa m'labotale kuti kakadzuka, maselowo angathe kutulutsa maantibodi a mtundu wa Graves.

Koma nkhani imene ikutikhudza kwambiri kuno ndi ya HIV. Kachiromboka kamapha asilikali a CD4, ndipo munthu akayamba kumwa ma ARV asilikaliwo amachulukanso. Mwa anthu ochepa, makamaka amene anayamba mankhwala chitetezo chitatsikiratu, gulu latsopanoli silizindikira chithokomiro kuti n'chake. Matenda a Graves amatulukira mochedwa, kawirikawiri pakati pa chaka chimodzi ndi zitatu chiyambireni mankhwala, nthawi imene aliyense akuona kuti wodwala wachira.

Apa mpomwe pagona ngozi. Mayi amene ananenepa bwino akayambanso kuonda ndi kutuluka thukuta, achibale amati wasiya mankhwala, mlangizi amaganiza za TB, anansi amanong'ona za ufiti. Kuyeza TB n'koyenera ndithu, ndipo kuyenera kuchitika msanga. Koma ngati TB sinapezeke, kachirombo m'magazi kali kotsika, pamene mayiyo akudya ngati wochokera kumunda n'kumaondabe, muuzeni dokotala za mtima wothamanga ndi manja onjenjemera, ndipo mufunse ngati magazi angayezedwe TSH. Kuyezaku kumachitika m'zipatala zikuluzikulu, choncho mungafunike kalata yotumizira wodwala.

Chithandizo chilipo. Graves amachepetsedwa ndi mapiritsi monga carbimazole, ndipo wowamwa akamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, anene mankhwala asanaperekedwe. Wa Hashimoto amamwa levothyroxine tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri moyo wake wonse. Kutemera mphini pachotupa kapena kuonjeza mchere m'ndiwo sikungathandize.

Koposa zonse, wodwala asasiye ma ARV. Graves amachizika munthu akumwa mankhwala ake monga kale. Njira yochepetsera chiopsezo ndi kuyezetsa magazi msanga ndi kuyamba mankhwala chitetezo chisanagwe. Inu alangizi, poyendera makomo mwezi uno, musangofunsa ngati mapiritsi akumwedwa. Gwirani dzanja la wodwala, mumve mmene mtima ukugundira, muyang'anenso pakhosi.