ZA UMOYO M'BANJA: Chilonda Chokana Kupola

Ulendo uno tikambe za zilonda. Mbedza ikatibaya kapena mpeni wotumbulira nsomba ukaticheka, pakapita masiku ochepa bala limapola. Koma kwa munthu wodwala shuga, kabala kakang'ono kakuphazi kamatha miyezi kali kunyeka, mwina mpaka kudulitsa mwendo.

Kodi chimapoletsa chilonda n'chiyani? Thupi lathu limatulutsa timapuloteni tina tolamula khungu kuti limerenso, timene madokotala amatitcha growth factors. M'chaka cha 1962, Stanley Cohen wa ku America anapeza kamodzi mwa timeneti m'tiziwalo topanga malovu a mbewa, ndipo mu 1986 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Rita Levi-Montalcini. Mu 1997 dziko la America linavomereza mankhwala opaka otchedwa becaplermin, a zilonda zakuphazi za odwala shuga. Nako ku Cuba anapanga Heberprot-P, amene amabayidwa m'chilonda momwemo.

Vuto lake ndi ili: m'chilonda chokhalitsa mumachuluka timadzi tosungunula mapuloteni, choncho mankhwala amaonongeka msanga asanamalize ntchito. N'chifukwa chake becaplermin amayenera kupakidwa tsiku ndi tsiku. Tsono akatswiri akuyesa kusunga timapuloteniti m'phala longa odzola kapena m'mabandeji apadera, kuti tizituluka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Alimi mukudziwa kuti feteleza wothira mvula yamkuntho ili pafupi amangokokoloka, pamene manyowa amadyetsa mbeu nyengo yonse. Nzeru yake ndi yomweyo. Komabe njira zambiri zoterezi zikadali pa kafukufuku.

Nanga ife titolapo chiyani? Ngakhale mankhwala apamwamba chotere sathandiza ngati chilonda chili chauve, mnofu wakufa sunachotsedwe, shuga ndi wokwera, ndipo wodwala akupondabe pabalapo. Izi ndiye zili m'manja mwathu.

Shuga amachititsa dzanzi kumapazi, moti munthu amavulala osamva. Choncho inu odwala shuga, posambitsa mapazi pa wudhu muziyang'ana pansi pake ndi pakati pa zala, kenaka muzipukuta bwino. Musayende opanda nsapato pamchenga wotentha. Ana inu, athandizeni agogo amene maso awo afooka. Mukaona kabala, musathirepo phulusa kapena dothi. Pitani kuchipatala msanga.

Paja mtsinje wa Tinkanena udathera m'Siizi. Tidzakumanenso m'kope likudzalo.