Woweruza anzake aziopa Mulungu

Mu 2011 aphunzitsi anayi a ku Chancellor College ku Zomba adachotsedwa ntchito pa mkangano wa ufulu wophunzitsa mosaopa, maphunziro n'kuima miyezi yambiri asanabwezeretsedwe. Adavutika ndi ophunzira, ana a makolo onga a ku Chambe amene amagulitsa nanazi kuti fizi ipezeke.

Choncho, aphunzitsi posankha anzawo okagamula zokweza ndi kukhazikitsa anthu pantchito, akumbukire uphungu wa Yetero kwa Mose pa Eksodo 18, woti oweruza akhale oopa Mulungu ndi odana ndi ziphuphu. Wosankhidwa mwachibale adzakwezanso abale ake. Wamantha adzagonjera mabwana tsiku la mayesero.

Abale, muyeso ndi womwewo tikamasankha akulu ampingo. Ambuye atipatse oweruza olungama.